Kapangidwe ka humidor yooneka ngati nyumba, kuyambira pa pulani mpaka kuikamo ndudu

Ndudu zonenepa zija zokulungidwa ndi masamba a fodya okhaokha, zimene amazitchula kuti cigar, sizichedwa kuwonongeka. Mukazisiya pamtunda masabata awiri m'nyengo youma, tsamba lakunja limang'aluka ndipo kafungo kake kamathawa. Zikamwa chinyezi chambiri zimafufuma, utsi umavuta kukoka, kenako zimachita nkhungu. Zimafuna mpweya wa chinyezi cha pakati pa 65 ndi 72 peresenti, pamalo pofunda madigiri 18 mpaka 21. Kabokosi kosunga mpweya woterowo ndiko amakatchula kuti humidor.

Amisiri ena sanakhutire ndi kabokosi wamba. Kampani ya Elie Bleu ya ku Paris ili ndi ma humidor otchedwa Casa Cubana, ooneka ngati nyumba zakale za ku Cuba. Kampani ya Linley ya ku London imadziwika ndi timabokosi totengera nyumba zotchuka, zipilala ndi makonde omwe. Ku Havana, pa chikondwerero cha Festival del Habano chimene chinayamba mu 1999, ma humidor akuluakulu opangidwa pamanja amagulitsidwa pa okushoni, ndalama zake n'kupita ku ntchito za umoyo m'dzikomo. Ntchito yotereyi inunso mungaigwire ngati dzanja lanu ndi lofatsa pathabwa. Koma pali mfundo imodzi yoti muigwiritsitse musanakhudze sowo.

Kabokosi aka kamakhala m'nyengo ziwiri nthawi imodzi. M'kati muli chinyezi cha 70 peresenti chaka chonse, pomwe kunja kuli mpweya wa m'chipinda umene nthawi zina umatsika mpaka 40. Thabwa likakhalitsa pa 70 limasunga madzi okwana pafupifupi 13 peresenti, koma pa 40 limasunga osafika 8. Ndiye kuti mbali ina ikufuna kufufuma, inayo ikufuna kunyala. Mmisiri akaiwala zimenezi, chivindikiro chimapindika pakangopita miyezi ingapo, mpweya n'kuyamba kutuluka, ndipo zipilala zokongola zija sizithandizanso kanthu. N'chifukwa chake timayamba ndi chipinda chosatulutsa mpweya. Nyumba yochiveka kunja imabwera pambuyo.

Yezani ndudu kaye

Tengani pepala ndi pensulo mulembe kukula kwa m'kati. Ndudu zili ndi maina malinga ndi kukula kwake: Robusto ya ku Cuba ndi yaitali mamilimita 124, Churchill ndi 178, double corona ndi 194. Kunenepa kwa ndudu amakutchula ndi nambala ya ring gauge, imene imawerenga magawo 64 a inchi imodzi, motero ndudu ya 50 ndi yonenepa pafupifupi mamilimita 20. Mukasiya mamilimita 210 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ngakhale yaitali ija igona bwino osagunda khoma. M'litali muike 320. Pamzere umodzi pagona ndudu 16, ndipo mizere itatu yosanjikiza ikupatsani pafupifupi 50. Kuya kukhale 100 kapena 110, chifukwa pamwamba pa nduduzo pafunika mpata woti mpweya uziyenda ndi malo a chonyowetsera, kachipangizo kotulutsa chinyezi m'kabokosi. Humidor yodzaza thothotho sigwira bwino ntchito.

Tsopano onjezerani makoma. Khoma lakunja likhale mamilimita 15, thabwa loyala m'kati likhale 6. Mbali iliyonse yatenga 21, ndiye kunja kabokosi kakhala 362 m'litali ndi 252 m'lifupi. Nyumba yanu iyenera kukwana pa miyeso imeneyi. Musachepetse malo a ndudu pofuna kuti khonde lioneke bwino.

Sankhani nyumba, koma mutengeko zochepa

Apa ndiye pamene ambiri amagwa. Munthu akaona chithunzi cha nyumba yotchuka amafuna zenera lililonse lionekemo, njerwa iliyonse iwerengeke. Zotsatira zake kabokosi kamaoneka ngati choseweretsa ana. Nyumba timaizindikira ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zokha: kaimidwe kake, mmene kutalika kumagwirizanirana ndi kutambalala, ndi pamene mthunzi umagwera. Zimenezo ndi zimene muyenera kutenga.

Taonani Parthenon ya ku Athens, imene inamangidwa pakati pa 447 ndi 432 BC. Ili ndi zipilala 8 kutsogolo ndi 17 m'mbali, yaima pa masitepe atatu, ndipo m'lifupi ndi m'litali mwake zimagwirizana ngati 4 kwa 9. Kabokosi kathu ndi kakafupi kuposa pamenepo, choncho zipilala 17 sizingakwane popanda kuoneka ngati timitengo ta machesi. Tengani masitepe atatuwo, zipilala sikisi kutsogolo, ndi denga lotsetsereka pang'ono. Aliyense aizindikira. Chipilala cha Parthenon ndi chachitali pafupifupi ka 5.5 kuyerekeza ndi kunenepa kwake patsinde, ndiye chanu cha mamilimita 80 chikhale chonenepa 14 kapena 15, n'kumawonda pang'ono pokwera. Mukachisiya chofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba chimaoneka chouma ngati paipi.

Nyumba ya Villa Rotonda, yojambulidwa ndi katswiri wa zomangamanga Andrea Palladio, pafupi ndi mzinda wa Vicenza ku Italy, ndi yofanana mbali zonse zinayi, mbali iliyonse ili ndi khonde la zipilala sikisi, ndipo pakati pali denga lozungulira. Imeneyi imayenera humidor yoikidwa pakati pa tebulo, yoti izionedwa mbali zonse. Chrysler Building ya ku New York, yomalizidwa mu 1930, ndi nsanja yaitali, pamene humidor ndi yaifupi ndi yotambalala. Musaikakamize. Tengani mauta osanjikizana a kunsonga kwake aja, ndi timazenera take ta makona atatu, muwajambule pachivindikiro ndi matabwa a mitundu iwiri. Ine imene imandigwira mtima kwambiri si nyumba ya mafumu ayi, koma chigafa choumitsira fodya cha ku Viñales, m'chigawo cha Pinar del Río ku Cuba: makoma aafupi, denga lalitali lotsetsereka kwambiri, chitseko chimodzi kumapeto. Fodya anachokera m'nyumba yotero, ndipo kumubwezera m'kanyumba kofanana nako kumandikomera.

Mukasankha, jambulani kutsogolo ndi m'mbali pa kukula kwenikweni, osachepetsa. Kenako pezani mzere umene chivindikiro chidzasiyanire ndi thupi. Mzerewu ubisale pamene nyumbayo ili kale ndi mzere wake, monga pansi pa mtanda wogona pamwamba pa zipilala, kapena pamene denga limakumana ndi khoma. Usadule chipilala pakati, usadule zenera. Pa chojambula cha m'mbali, ikani nsonga ya kampasi pamene padzakhale hinjesi, muzungulitse kuti muone njira imene chivindikiro chidzadutse. Denga likatulukira kumbuyo ngakhale mamilimita 10 okha, lingagunde khoma chivindikiro chisanatseguke mokwanira. Mwina kumbuyo musatulutseko denga, mwina muliseme mopendekera. Pangani chitsanzo cha katoni musanadule thabwa. Tsiku limodzi la katoni limapulumutsa thabwa lodula.

Matabwa

M'kati mumayalidwa Spanish cedar. Dzinali limasokoneza, chifukwa mtengowu suchokera ku Spain ndipo si mkungudza. Dzina lake la sayansi ndi Cedrela odorata, ndi wa banja limodzi ndi mahogany, ndipo kwawo ndi ku Central America ndi South America. Umamwa chinyezi n'kumachitulutsa pang'onopang'ono, supindika chisawawa, ndipo fungo lake limagwirizana ndi fodya. Kuyambira mu 2020 mitengo ya mtundu wa Cedrela ya kumeneko imatetezedwa ndi CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha, choncho gulani kwa wogulitsa amene angasonyeze kumene thabwa lachokera. Funsaninso kuti likhale loumitsidwa mu uvuni, chifukwa losauma bwino limatuluka utomoni womata umene umadetsa ndudu. Spanish cedar ikasowa, mahogany kapena okoumé ya ku Gabon zimagwira ntchito. Paini ndi mkungudza wonunkhira kwambiri uja amaika m'makabati a zovala musaziyandikize n'komwe. Fungo lake limalowa mufodya ndipo silichokamo.

Kunja muli ndi ufulu. Walnut ndi wodera ndipo amasemeka bwino. Maple ndi sycamore ndi zoyera, zimaima bwino m'malo mwa mwala wa nyumba, ndipo sycamore amalandira utoto mofanana ponseponse. Ebony ndi wakuda bii, woyenera timizere ndi mithunzi ya mazenera. Mitundu itatu ndi yokwanira pa kabokosi kamodzi.

Makoma anayi angakhale a thabwa lenileni, chifukwa ndi aafupi. Pamwamba ndi pansi ndi nkhani ina. Thabwa limafufuma mopingasa mizere yake, m'litali silisuntha kwenikweni, ndiye thabwa lotambalala mamilimita 250 mukalimata mbali zonse lidzakankha makona mpaka kuwang'amba. Njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito MDF, thabwa la utuchi wopanikizidwa, kapena pulayiwudi wabwino wa mamilimita 12, n'kumuveka veneer, timatabwa topyapyala tija ta pafupifupi mamilimita 0.6. Ena amaona ngati kutero n'kuchepetsa ulemu wa ntchito, koma ma humidor ambiri odula amapangidwa motero chifukwa sapindika. Lamulo lake ndi limodzi: mukamata veneer kunja, matani ina kumbuyo kwake. Mbali imodzi yokha ikavekedwa, thabwalo limakokedwa n'kukhala ngati mbale.

Matabwa onse muwasiye m'chipinda chogwirira ntchito masabata awiri musanawapale, azolowere mpweya wa mmenemo.

Lumikizani kabokosi kotseka, chivindikiro mudule pambuyo

Musapange thupi palokha ndi chivindikiro pachokha. Sizidzakumana bwino ngakhale muyeze motani. Pangani kabokosi kamodzi kotsekeka mbali zonse sikisi, kenako mukadule pawiri.

Dulani makoma anayi kuchokera pa thabwa limodzi lalitali, motsatana, kuti mizere ya thabwa izipitirira pakona ngati yangopindidwa. Pa kutalika kwa khoma onjezerani mamilimita 3 amene sowo idzadye podula chivindikiro. Makona muwadule mopendekera pa madigiri 45. Mano olumana a dovetail ndi olimba, koma amaonekera kunja ndipo amasokoneza nkhope ya nyumba. Kona ya 45 ndi yaukhondo, ndipo mungailimbitse ndi timatabwa topyapyala tolowetsa mopingasa pakonapo. Mukatipanga ta mtundu wina n'kutitalikitsa mofanana, timaoneka ngati miyala ya pangodya ya nyumba zakale. Kulimbitsa ndi kukongoletsa zachitikira pamodzi.

Semani kangalande m'kati mwa makoma, kumwamba ndi kumunsi, kolowamo matabwa a pamwamba ndi pansi. Yesani zonse popanda guluu. Zikakhala bwino, goneketsani makoma anayi pamzere, nkhope yakunja ili m'mwamba, mulumikize nsonga zake ndi tepi. Tembenuzani, pakani guluu wa matabwa wosaopa madzi, lowetsani pamwamba ndi pansi, kenako pindani makomawo ngati mukukulunga mphasa. Tepiyo imakoka makona bwino kuposa zopanira zambiri. Yezani kuchokera pakona kufika pakona ya mopingasa, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikafanana, kabokosi kali pa sikweya. Musanatseke, lembani ndi pensulo kunja kuti kumwamba ndi kuti, chifukwa kakatsekeka simudzadziwanso. Kasiyeni usiku wonse.

Podula chivindikiro ndi sowo ya makina, tsitsani mpeni kuti usapyoze khoma lonse, usiye kathabwa kosakwana milimita imodzi. Mukazungulira mbali zonse zinayi, malizani ndi sowo yamanja ya mano ang'onoang'ono. Mukapyoza zonse nthawi imodzi, podula mbali yomaliza chivindikiro chimatsina mpeni n'kusiya bala pakona. Kenako matani sandipepa wa nambala 120 pagalasi lalikulu kapena pathabwa losalala, jambulani mizere ya pensulo pamilomo yodulidwayo, ndipo muzikhutiza thupi lonse pasandipepayo mpaka pensulo yonse itafufutika. Chitani chimodzimodzi ndi chivindikiro. Zikagundana pasaoneke kuwala.

M'kati mwa makoma akunjawa pakani vanishi wotchedwa shellac kawiri. Amachedwetsa chinyezi kulowa m'khoma lakunja, ndipo akauma sanunkha. Musiyeni masiku angapo kabokosi kali kotsegula.

Mahinjesi

Gulani mahinjesi a bulasi a mtundu wa quadrant, aja ali ndi kamkono kopindika kamene kamagwira chivindikiro chikangopitirira pang'ono madigiri 90. Ndi ovuta kuika, chifukwa kamkonoko kamafuna dzenje lake m'thupi ndi m'chivindikiro momwe. Yambani mwayesera pa zidutswa zotsala. Lembani malire ndi mpeni osati pensulo, semani ndi tchizulo chakuthwa pang'onopang'ono, ndipo kuya kukhale ndendende ndi kunenepa kwa hinjesi. Mukazamitsa, kutsogolo kumayasama. Mukaperewera, kumbuyo kumatsala mpata. Masikuluwu a bulasi ndi ofewa ndipo amaduka mutu msanga. Boolani kabowo kaye, lowetsani sikuluwu yachitsulo yofanana nayo kuti itsegule njira, kenako ya bulasi mutaipaka kandulo. Zikayenda bwino, chotsani mahinjesiwo muwasunge mpaka pomaliza.

Kuveka nyumba

Tsopano ndi nthawi ya zipilala, masitepe, denga ndi mazenera. Chilichonse chimamatidwa kunja kwa chipinda chimene mwamaliza, ndipo palibe msomali kapena sikuluwu yoti ipyoze khoma kulowa m'kati.

Yambani ndi maziko. Masitepe atatu a mamilimita 6 kapena 8 lililonse, lina kutulukira kunja kwa linzake, amapatsa kabokosi ulemu, komanso ali ndi ntchito ina yobisika. Denga la nyumba limalemera. Mukatsegula chivindikiro kulemera konseko kumapita kumbuyo, ndipo humidor yopanda ndudu imatha kugwa chagada. Maziko otambalala amaletsa zimenezi. Dengalo lipangeni la mphako, la timatabwa ta mamilimita 4 kapena 5 togona pa timitanda, osati chipika cholimba. Yesani kutsegula kabokosi kali kopanda kanthu. Kakamanyamuka kutsogolo, pepuzani denga kapena bisani kachitsulo kolemera pansi pa masitepe akutsogolo.

Zipilala zimatidwe ku thupi kokha. Mitu yake ingokhudza chivindikiro chikatsekedwa, ndipo musiye mpata wa theka la milimita kuti zisachitchinge kukhala pansi bwino. Zipilala zoima pazokha zimapereka mthunzi weniweni kumbuyo kwake, koma zimathyoka msanga. Zodulidwa pakati m'litali n'kumatidwa kukhoma ndi zolimba, ndipo pa humidor yotsegulidwa tsiku ndi tsiku ndi zimene ndimalangiza. Chipilala cha mtundu wa Doric, ngati cha Parthenon, chimakhala ndi timingalande 20 kuzungulira, koma pa kachipilala ka mamilimita 15 timeneti timangodzaza vanishi n'kuzimiririka. Semani tochepa tozama, kapena chisiyeni chosalala.

Mazenera musawaboole. Ajambuleni ndi veneer yakuda yolowetsedwa mu yoyera, ndipo mudule ziwirizo zitasanjikizana kuti zilowane popanda mpata. Pali kanthu kamodzi kamene kamasintha nkhope yonse: kumtunda ndi mbali imodzi ya zenera lililonse ikani kamzere kodera kwambiri, kopyapyala ngati milimita imodzi, mbali yomweyomweyo pa mazenera onse. Diso limaona ngati dzuwa likuwomba kuchokera mbali imodzi ndipo zenera lalowa m'khoma. Ndinayesapo makoma awiri moyandikana, lina la mazenera a kamzereka, lina opanda. Lopanda linali ngati pepala lojambulidwa. Linalo munthu ankafuna kulikhudza ndi chala kuti aone ngati palidi dzenje.

Timizere ta m'mphepete mwa denga muzipangire pa thabwa lalikulu kaye, kenako muzidule kachidutswa kopyapyalako. Kupala kathabwa kakang'ono kale n'kuika zala pangozi.

Vanishi

Kwechani ndi sandipepa wa 180, kenako 240, kenako 320, motsatira mizere ya thabwa. Pa veneer dzanja likhale lopepuka, makamaka m'mphepete, chifukwa mukapyoza palibe kubweza. Phimbani m'kati monse ndi pepala ndi tepi. Pa makoma osalala, lacquer wopopera kambirimbiri amapereka kuwala kozama ngati madzi. Muzimukwecha pang'ono pakati pa ulendo uliwonse, mumusiye aume masabata awiri kapena kuposerapo, kenako mumusalaze ndi sandipepa wonyowa kuyambira 800 mpaka 2000 musanapukute. Koma pa nyumba ya zipilala ndi timakona tambiri, lacquer wokhuthala amadzaza m'ngodya n'kupha mizere yakuthwa imene munavutikira. Pamenepo shellac wopyapyala wopakidwa ndi kansalu, kapena lacquer wosawala kwambiri, amaoneka bwino. Tizigawo ting'onoting'ono ndi bwino kutipaka tisanamatidwe, n'kusiya pouma malo olandira guluu.

Musapitirire mpaka fungo lonse la vanishi litatha. Ikani mphuno m'kati. Mukamva kanthu, dikirani.

Kuyala Spanish cedar m'kati

Humidor imakhala humidor chifukwa cha gawo ili. Valani chophimba mphuno ndi pakamwa, poti fumbi la mtengowu limayabwa pakhosi ndipo limasiya kuwawa pakamwa tsiku lonse.

Thabwa la pansi lilowe loyamba, ndipo musiye mpata wa milimita imodzi kumbali zimene lidzafufumire. Kenako makoma anayi, makona ake odulidwa pa madigiri 45, olowa mothina pang'ono kuti azigwirana okha ndi kupanikiza la pansi lija. Musawamate ndi guluu, ndipo musawapake kanthu kalikonse. Humidor yanga yoyamba ndinamata cedar yense mwamphamvu pofuna kuti ikhale yolimba. Patatha miyezi iwiri chiinyowetsereni, ndinapeza kona yakumbuyo itayasama moti chikhadabo chinkalowa, ndipo lacquer anali atang'aluka motsatira mng'aluwo. Cedar anafufuma, anasowa kopita, n'kukankha khoma. Kuyambira pamenepo ndimamusiya womasuka. M'chivindikiro mokha, mmene thabwa lingagwe, ndimadontheza guluu pang'ono pakatikati penipeni kuti mbali zonse zizitha kuyenda.

Makoma a cedar a m'thupi atulukire pamwamba pa khoma lakunja ndi mamilimita 6 mpaka 8. Mlomo umenewu ndiwo umalowa m'chivindikiro n'kutseka mpweya. Cedar wa m'chivindikiro afupike ndi muyeso womwewo kuti mlomowo upeze malo. Palani m'mphepete mwakunja mwa mlomo mopendekera pang'ono, makamaka kutsogolo, chifukwa chivindikiro chimatsika mozungulira, osati molunjika. Pakadali pano chisiyeni chilowe momasukirapo. Cedar akadali wouma ndipo adzakula.

Ngati mukufuna thireyi ya pamwamba, ipangeni ya cedar yemweyo, pansi pake pakhale mipata yambiri yodutsa mpweya, ndipo igone pa timitanda tiwiri ta m'mbali. Bwezeretsani mahinjesi. Utomoni ukadzaoneka pathabwa ngati timadontho tomata, pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi mankhwala osungunula utomoni otchedwa acetone, kwechani pang'ono, ndipo musiye potsegula mpaka fungo litatha.

Kunyowetsa ndi kuyesa

Cedar wouma amalanda madzi kwa ndudu. Mukaziika lero lomwe, pofika sabata yamawa zidzakhala zitauma. Ayenera kumwa kaye.

Yambani ndi kuyesa hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi. Thirani mchere m'chitsekerero cha botolo, donthezani madzi pang'ono kuti ukhale ngati mchenga wonyowa koma osasungunuka, ndipo muike pamodzi ndi hygrometer m'kathumba kapulasitiki kotseka bwino. Pakatha tsiku lathunthu iyenera kuonetsa 75 peresenti, chifukwa mchere wonyowa umasunga mpweya pa mlingo umenewo. Ikaonetsa 72, dziwani kuti imaperewera ndi 3 ndipo muziwonjezera nthawi zonse, kapena ikonzeni ngati ili ndi pokonzera. Ya manambala ndi yodalirika kuposa ya muvi, ngakhale ya muvi ya bulasi imakongola.

Ikani kambale ka madzi otchezedwa, aja amalembedwa kuti distilled water, pakati pa humidor n'kutseka. Madzi a pampopi ali ndi mchere ndi mankhwala amene amatseka chonyowetsera ndi kubweretsa nkhungu. Ena amapukuta cedar ndi nsalu yonyowa kuti zifulumire. Ine sindivomereza, chifukwa madzi ambiri nthawi imodzi amadzutsa ubweya wa thabwa ndipo amatha kulipinda. Lolani thabwa limwe kuchokera mumpweya kwa sabata imodzi kapena iwiri. Njira ina yosavuta ndi timapaketi totulutsa chinyezi ta kampani ya Boveda, ta 84 peresenti, timene timasiyidwamo masiku 14 osatsegula. Nthawi ikakwana chotsani kambale kapena timapaketito, ikani chonyowetsera chokhalitsa, monga timapaketi ta 69 kapena siponji yake yothiridwa madzi otchezedwa osakaniza theka ndi theka ndi mankhwala otchedwa propylene glycol. Dikirani masiku awiri kapena atatu. Hygrometer ikakhazikika pakati pa 65 ndi 72 osayendayenda, chipinda chakonzeka.

Ndudu zatsopano zimatha kubwera ndi mazira a kachilombo ka fodya kotchedwa Lasioderma serricorne, kamene kamaboola timabowo tozungulira ngati anankafumbwe pachimanga. Mazirawa amaswa kukatentha. N'chifukwa chake humidor siikidwa padzuwa, pawindo, kapena pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba, ndipo dzuwalo limafwifwitsanso veneer. Mukakayikira ndudu zina, zitsekereni m'kathumba, zigone tsiku limodzi mufiriji, masiku atatu m'chigawo choumitsa madzi, tsiku linanso mufiriji, kenako zifunde pang'onopang'ono zisanalowe m'kabokosi.

Chatsala ndi kumaliza mlomo uja, popeza tsopano cedar wakula kufika pamene adzakhalire. Kwezani chivindikiro masentimita asanu muchisiye chigwe chokha. Chotseka bwino chimatsika mofatsa, mpweya n'kumveka fuu, osati thabwa kumenya thabwa kuti kho. Panani kapepala kopyapyala pamlomo, tsekani, ndipo kokani. Kazikaniza mbali zonse zinayi, ndipo yesani malo angapo pa mbali iliyonse. Usiku ikani tochi yoyaka m'kati, tsekani, zimitsani magetsi, muzungulire kabokosi mukuyang'ana pamzere. Pamene pakutuluka kuwala, kokani khoma la cedar la mbali imeneyo, popeza simunalimate, muike kachidutswa ka veneer kumbuyo kwa kumunsi kwake kapena mudule lina lokhuthalirapo pang'ono. Chivindikiro chikathina moti mukuchita kukankha, yang'anani pamlomo malo amene akunyezimira chifukwa chokhulana. Kwechani pomwepo pokha ndi sandipepa wa 240 wokulunga pakathabwa, kawiri kapena katatu, tsekani muone, kenako bwerezani ngati pakufunika. Fumbi lake lipukuteni ndi burashi youma musanagoneke ndudu yoyamba.